Chifukwa Chiani Odwala BP Aleka Mankhwala Ao?

Phunziro la Akristu ndi Aphunzitsi a m'dera la Mfumu Mavwere

Nkhani imene tiyambe nayo si yachilendo kwa inu. Mukasintha mudzi ndi mwezi, mupeza kuti mudaimva kale, kapena mudaiona ndi maso anu.

Bambo wina wachikulire, mlimi wolimbika wa mtedza ndi fodya, adapita ku chipatala chifukwa cha bala la khasu. Pompima adamuuza kuti magazi ake alikuthamanga kopitirira muyeso, nampatsa mapiritsi, namlembera m'buku tsiku lobweranso. Mwezi woyamba adamwa bwino. Mwezi wachiwiri adamwa modumphitsa. Pofika nyengo yosoka fodya anali atalekeratu, pakuti, monga adanenera mwini wake, m'thupi munalibe powawa. M'mawa wina mkazi wake adampeza atagwa pakhomo pa chigafa, kamwa litapotoka, dzanja ndi mwendo wa mbali imodzi zitafa, mau osatuluka. Pofunafuna buku lake la ku chipatala adalipeza m'thumba la jekete, pamodzi ndi kapepala ka mapiritsi kosatsegula.

Pamudzi padamveka zonena zambiri. Ena adati wamlodza mnzake wolimbirana naye malire a munda. Ena adati ndi tsoka chabe. Enanso adati mwini wake ngwopusa, popeza adapatsidwa mankhwala nawataya dala. Koma ife tifunse mofatsa: kodi munthu wanzeru, wodziwa kusamala mbeu ndi ziweto zake, aleka bwanji kusamala moyo wake? Yankho lake tikalifune mumtima mwa munthuyo, m'nyumba mwake ndi m'mudzi mwake. Ndimo mubisala zopinga zimene zigonjetsa odwala, ndipo ndi zopinga zakuti munthu mmodzi payekha sangazichotse.

1. NTHENDA IMENEYI NJOTANI?

Mtima uli ngati pampu ya kudimba, ndipo mitsempha iri ngati mapaipi ake. Magazi akamakankha makoma a mitsempha ndi mphamvu yopitirira, usana ndi usiku, chaka ndi chaka, ndiyo nthenda imene titcha kuthamanga kwa magazi, kapena BP monga anena anthu onse masiku ano. Dzina lathuli lisatisokeretse. Ambiri ayembekeza kumva mtima ulikugunda msanga-msanga, ndipo akaona kuti uli phee, ayesa kuti ali bwino. Si choncho ai. Anthu ochuluka a nthendayi samva kanthu konse, ndipo njira yodziwira ndi imodzi yokha: kupimitsa.

Makina opimira apereka manambala awiri, monga 120 pa 80. Akafika 140 pa 90 kapena kupitirira apo, ndipo zikaoneka chomwecho pa masiku osiyana, a chipatala anena kuti munthuyo ali ndi BP. Ikalekereredwa, iononga mitsempha ya m'bongo, munthu nafa ziwalo, ndiyo sitiroko, itopetsa mtima mpaka utupa nulephera nchito, ipha impso pang'onopang'ono, ionononganso maso. Nchito yake iri ngati ya chiswe m'nsichi za nkhokwe: kunja ioneka yolimba, mpaka tsiku limene igwa ndi chimanga chomwe.

Nthendayi yafala koposa m'mene tiganizira. M'chaka cha 2009 Unduna wa za Umoyo, mothandizana ndi bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO, udapima anthu a zaka 25 mpaka 64 m'Malawi muno, nupeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera, ndipo mwa iwowo oposa 9 mwa 10 sanali pa mankhwala. Sidapezeke m'tauni mokha ai. M'midzi momwemo inali yochuluka. Mu 2023 bungwe lomwelo la WHO lidalengeza kuti odwala nthendayi pa dziko lonse adachoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndi kuti mwa odwala asanu aliwonse, mmodzi yekha ndiye anali ndi BP yotsika monga kuyenera. Ndiponso kale mu 2003 lidaonetsa kuti ngakhale m'maiko olemera, mwa odwala nthenda za mgonagona, theka lokha ndilo limwa mankhwala monga adauzidwira. Tsono onani: kuleka mankhwala si kupusa kwa anthu a kumudzi. Ndi kufooka kwa anthu onse, a ku London ndi a ku Waliranji chimodzimodzi.

2. ZOPINGA ZA MUMTIMA

Choyamba: “Ndachira.” Tidazolowera mankhwala okhala ndi mathero. LA wa malungo timwa masiku atatu. A TB timwa miyezi isanu ndi umodzi. Tikatsiriza, tiyamika, tiiwala. Chifukwa chake munthu akamva kuti BP yatsika, aganiza kuti nchito yatha. Komatu mapiritsi a BP sachotsa nthenda. Aigwira chabe kuti isaononge. Ali ngati mpanda wa dimba. Kodi alipo munthu amene azula mpanda chifukwa chakuti chaka chino mbuzi sizidalowemo? Iai, pakuti adziwa kuti mpandawo ndiwo udaziletsa. Momwemonso BP yotsika ndi umboni wakuti mankhwala alikugwira nchito, ndi kuti ayenera kupitirira. Kwa ambiri ndi a moyo wonse, ndipo woyenera kuwachepetsa kapena kuwasintha ndi wa chipatala yekha.

Chachiwiri: “BP ndi maganizo.” Mau amenewa ali ndi choona chake pang'ono, pakuti mkwiyo, nkhawa ndi chisoni zikweza magazi pa kanthawi. Koma anthu ambiri atengapo phunziro lolakwa. Amwa piritsi tsiku limene akangana ndi mwana, kapena pamene fodya wagulidwa motchipa, kapena mutu ukawawa. Mtima ukakhala pansi, aleka. Dziwani kuti nthendayi ikhalapo ngakhale pa tsiku la chikondwerero. Ichokera ku ukalamba, ku mtundu, ku mchere, ku mowa, ku kunenepa, ku nthenda ya shuga kapena ya impso, ndipo nthawi zambiri chiyambi chake sichioneka. Kumwa modumphadumpha sikuteteza munthu.

Chachitatu: mantha ndi manyazi pa zobvuta za mankhwala. Tisabise: mapiritsi ena abweretsa zosautsa. Aja a hydrochlorothiazide, amene ambiri angowatcha HCTZ, akodzetsa pafupipafupi, makamaka poyamba; chifukwa chake ndi bwino kuwamwa m'mawa. Amlodipine atupitsa mapazi mwa anthu ena. Enalapril abweretsa kwa ena chifuwa chouma chosatha, ndipo sayenera mai woyembekezera. Palinso amuna amene adandaula kuti mphamvu za m'banja zachepa, koma aopa kuuza namwino wa msinkhu wa mwana wao; angoleka mwakachetechete. Abale, safunsa adadya phula. Mankhwala a BP ali a mitundu ingapo, ndipo wina akakana thupi, a chipatala angathe kupereka wina. Ndiponso amuna adziwe kuti BP yosasamalidwa iononga yokha mitsempha ya mphamvu zimenezo.

Chachinai: kuopa pakamwa pa anthu. M'midzi mwathu munthu womwa mapiritsi m'mawa uliwonse, ndi kupita ku chipatala pa tsiku loikika, ayamba kunong'onedwa kuti ali pa ma ARV. Chifukwa cha ichi ena abisa mankhwala kudenga kapena m'thumba la chimanga, ndipo chobisika sichichedwa kuiwalika. Apa pali zolakwa ziwiri: kunyoza odwala HIV, amene sayenera kunyozedwa konse, ndi kuopsa odwala BP. Wamiseche akumbuke kuti lilime lake lingathe kugwetsa mnzake monga momwe ichitira nkhwangwa. Kwa amuna kuonjezekanso kunyada, poyesa kuti kudwala ndi kwa akazi ndi ana, ndi kuti mwamuna wolima ekala yathunthu sangakhale wa mapiritsi.

Chachisanu: kutaya mtima. Mai wamasiye amene alera adzukulu asanu, bambo amene wagwa m'ngongole ya feteleza, nkhalamba imene ana ake onse adapita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg osatumiza mau: anthu otere nthawi zina anena kuti, “Ndimwerenji? Ndikhalira yani?” Chisoni chokhalitsa, chochotsa tulo ndi chilakolako cha chakudya ndi cha nchito, ndi nthenda payokha, ndipo chiri ndi chithandizo ku chipatala. Munthu wotere sachira ndi chidzudzulo. Afuna womchezera ndi womumvera. Pakuti amene saona phindu la mawa sangasamale piritsi la lero.

Chachisanu ndi chimodzi: kufuna chithandizo kwina. Popeza sitiroko igwa mwadzidzidzi ngati mphezi, ambiri aiyesa ufiti, nathamangira kukaombeza, nataya ndalama ndi nthawi, nadanitsa abale. Ena asiya mapiritsi nadalira adyo, mandimu, chamwamba, kapena mabotolo a zitsamba ogulitsidwa pa misika. Zina mwa izi ndi chakudya chabwino, koma sizilowa m'malo mwa mankhwala opimidwa. Enanso auzidwa pa mapemphero kuti, “Mwachira, tayani mapiritsi; kumwa ndi kusowa chikhulupiriro.” Aphunzitsi anene poyera kuti Eklezia saphunzitsa zotere. Iye amene amanga matchalitchi ndiye amanganso zipatala, ku Namitete, ku Guilleme, ku Ludzi ndi ku Kapiri. Mlimi apempherera mvula, koma saleka kupalira. Ndipo amene aopa kumwa mankhwala m'mawa wa Lamulungu adziwe kuti lamulo losala ola limodzi tisanalandire Ukaristia silikhudza madzi ndi mankhwala. Ngakhale pa masiku osala a Lenti wodwala asadumphitse piritsi lake.

3. ZOPINGA ZA M'NYUMBA NDI M'MUDZI

Mphika ndi umodzi. Wodwala auzidwa kuti achepetse mchere, koma wophika ndi wina, ndipo odya ndi ambiri. A WHO alangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiyo sipuni yaing'ono imodzi yosadzaza, kuwerengera pamodzi zonse zimene adya. Tsono mchere suli m'kambale mokha ai. Ubisala m'nsomba zouma zothira mchere, m'timibulu tokometsera ndiwo, m'soda wa therere, m'kanyenya ndi tchipisi za pa chiwaya. Kumphikira wodwala kamphika kakekake kutha nkhuni, ndipo kumchititsa kudziona ngati wosalidwa. Njira yabwino ndi yakuti banja lonse lichepetse pang'onopang'ono, ndi kuchotsa kambale ka mchere pa mphasa. Pakapita masabata owerengeka lilime lizolowera, ndipo ana omwe apindula. Tikumbukenso mkamwini wokhala kwa eni, amene sangathe kunena kwa apongozi kuti ndiwo zachuluka mchere, ndi mtengwa amene aopa kunenedwa kuti sadziwa kuphika. Apa afunika ankhoswe ndi mwini mbumba kuti alankhule m'malo mwao.

Ulendo ndi ndalama. M'zipatala za Boma mankhwala ndi aulere, koma kabaza si waulere. M'zipatala za mishoni pali kamtengo kolipira. Tsiku la ku chipatala likagwa m'nyengo yobzala kapena yopalira, munthu ayerekeza munda ndi mzere wa odwala, nasankha munda. M'miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, kandalama kalikonse kapita ku ufa. Nthawi zinanso munthu afika atayenda mtunda wautali, namva kuti mankhwala atha, akagule yekha. Zikachitika kawiri kapena katatu, mtima ufooka, ndipo sabweranso. Mabvuto awa ndi enieni, ndipo sitiyenera kuwachepetsa. Koma banja liwerengenso mbali inayo: mtengo wa kabaza wa chaka chonse ndi wochepa poyerekeza ndi kusamala munthu wakufa ziwalo, womtembenuza, womsambitsa ndi womdyetsa kwa zaka, munda uli gonera.

Maulendo ndi maliro. Boma lathu la Mchinji liri m'malire a Zambia ndi Mozambique, ndipo anthu athu sakhala pansi. Wina apita ku Chipata kukachita malonda, wina kukagwira nchito ku esiteti nyengo yonse ya fodya, wina kukagona ku maliro masiku atatu. Mapiritsi atsala kunyumba, kapena athera kuchilendo. Munthu wa BP aphunzire kunyamula mankhwala ndi buku lake monga anyamulira chitupa, ndipo asananyamuke ulendo wautali akafotokoze ku chipatala.

Mowa ndi anzake. Pakutha pa kukolola, ndalama zikalowa m'thumba, kachasu ndi masese zichuluka. Mowa wambiri ukweza BP, ndipo uiwalitsa mankhwala. Ena adamva kuti mapiritsi sayenderana ndi mowa, nasankha kusiya mapiritsiwo kuti amwe momasuka! Fodya wosuta aonjezera kuononga mitsempha imene yatopa kale. Koma tidziwe kuti chimkokera munthu ku bwalo la mowa kawirikawiri si ludzu, koma kufuna anzake ocheza nao. Womuuza kuti aleke ayenera kumpatsanso pena pokhala ndi anthu.

Mau a ku chipatala. Wodwala amene alandiridwa mwaulemu, nauzidwa m'chinenero chake manambala ake ndi tanthauzo lake, abweranso. Koma amene akalipiridwa pa gulu chifukwa adaphonya tsiku, achita manyazi, ndipo ulendo wotsatira anama kuti alikumwa bwino, kapena sabwera konse. Tidziwa kuti anamwino ndi madokotala athu ndi ochepa, ndipo mizere ndi yaitali. Komabe Akristu amene agwira nchito imeneyi akumbuke kuti funso lofatsa lakuti, “Agogo, chidakubvutani nchiani?” litulutsa zoona zimene kukalipa sikungatulutse.

4. ZIMENE TIDAPHUNZIRA KALE

Wina angati: “Zopinga zachuluka chotere, nanga tingathe?” Inde tingathe, pakuti tidachitapo kale. Pamene Boma lidayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, padali okaika kuti anthu a kumudzi, opanda mawotchi, angamwe mankhwala tsiku ndi tsiku moyo wao wonse. Koma adatha, ndipo ambiri a iwo tiri nao lero, alikulima ndi kulera adzukulu. Chinsinsi chake chinali chiani? Wodwala poyamba mankhwala ankabwera ndi mnzake womyang'anira, amene tidazolowera kumutcha gadiani. Onse awiri ankaphunzitsidwa pamodzi. M'midzi mudabadwa magulu olimbikitsana. Ndipo wophonya tsiku ankalondoledwa kwao.

Chitsanzo chiri pafupi. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene adachiyamba Asisteri a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg mu 1959, ndipo chithandiza anthu ambiri a kwa Mavwere, chidaphunzitsa anthu odzipereka a m'midzi kuti aziyendera odwala. Mu 2008 ena a iwo adapatsidwa mafoni a m'manja kuti azitumizirana mauthenga ndi chipatala, makamaka za odwala HIV ndi TB amene sadaoneke pa tsiku lao. Ku Neno, kuyambira mu 2015, Unduna wa za Umoyo pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo adayamba kuona odwala HIV, BP, shuga, mphumu ndi khunyu pa malo amodzi ndi tsiku limodzi, kotero kuti chisamaliro chimene chidapulumutsa a nthenda imodzi chidafikira a nthenda zinazo.

Phunziro lake nali: munthu akhulupirika pa mankhwala pamene pali wina wodziwa, wofunsa ndi wosamala. Akulu adanena kale kuti kali kokha nkanyama, ali awiri ndi anthu. Tsono ngati tidachita zimenezi pa nthenda imene inkaopsa dziko lonse, tilepherenji pa BP?

5. TICHITENJI TSONO?

Kwa inu odwala. Sankhani munthu mmodzi wokhulupirika, mkazi kapena mwamuna wanu, mwana, mlongo kapena mnansi, mumuuze za nthenda yanu, ndipo apite nanu ku chipatala ngakhale kamodzi kuti akamve yekha. Mangirirani piritsi ku chinthu chimene muchita m'mawa uliwonse, monga kusukusula kapena pemphero la m'mawa, ndipo muliike poonekera, pouma, posafika ana. Mukaiwala tsiku limodzi, musamwe awiri mawa lake. Pitirizani monga mwa masiku onse. Musadikire kuti mapiritsi atheretu. Pitani kukadali a masiku owerengeka. Musabwereke a mnzanu, kapena kumgawira anu, pakuti mibulu yofanana maonekedwe siikhala yofanana mphamvu. Funsani manambala anu, muwaone m'buku, kuti muzitsata nokha m'mene mulikuyendera. Ndipo ngati mudaleka kale, musachite manyazi: bwererani sabata lomwe lino, mukanene zoona.

Kwa inu a pabanja. Kumbutsani mwaulemu, osati monga wapolisi. Mdzukulu wonena kuti, “Agogo, madzi awa, mumwere mankhwala,” aposa mwana wamkulu wokalipa pa foni. Pogulitsa mtedza kapena soya, patulani kandalama ka maulendo a ku chipatala a chaka chonse, monga mupatulira ka mbeu. Ana amene muli kutali, potumiza thandizo funsaninso tsiku la ku chipatala. Amuna, perekezani akazi anu oyembekezera ku sikelo, pakuti BP ya pa mimba njoopsa kwa mai ndi mwana yemwe. Mutu wowawa kwambiri, kuona zideru-deru, ndi kutupa nkhope ndi manja zifuna chipatala tsiku lomwelo.

Kwa inu aphunzitsi ndi atsogoleri a miphakati. Inu mudziwa nyumba iriyonse koposa dokotala aliyense. Poyendera odwala musafune ogona pa mphasa okha. Funsaninso oyenda ndi miyendo yao amene ali pa mankhwala a moyo wonse, makamaka amasiye ndi nkhalamba zokhala zokha. Funsani mwamseri, ndipo zimene mwamva zitsale mwa inu. Mphunzitsi woulula chinsinsi cha wodwala atseka pakamwa pa mudzi wonse. Musadziyese madokotala: si kwanu kusintha mankhwala kapena kulangiza zitsamba, kwanu ndi kumvera, kulimbikitsa ndi kuperekeza. Mphakati ungathe kusunga kathumba ka kabaza wa osauka, ndi kugwirizanitsa odwala a mudzi umodzi kuti aziyendera limodzi. Kambiranani ndi Bambo Mfumu ndi alangizi a za umoyo a m'dera lanu kuti tsiku lina, itatha Misa, anthu apimidwe pa bwalo la tchalitchi. Tsiku la 17 Meyi, limene dziko lonse likumbukira nthendayi, lingakhale poyambira pabwino. Ndipo atsogoleri ayambe ndiwo kutambasula mkono. Mkulu wa mpingo mmodzi wonena poyera kuti, “Inenso ndimwa mapiritsi a BP, chaka chino nchachisanu,” achotsa manyazi a anthu makumi.

Kwa tonse. Tidziwe zizindikiro za ngozi: kamwa kupotoka, dzanja kapena mwendo kufooka mwadzidzidzi, lilime kulemera, mutu kuwawa koopsa, kupweteka kwa pachifuwa, kubanika. Mukaona chimodzi mwa izi, musataye nthawi ndi kutema mphini kapena kufuna wolodza, ndipo wolephera kumeza musammwetse kanthu. Funani galimoto kapena njinga yamoto, mupite naye ku chipatala msanga, ngakhale zizindikirozo zitaoneka ngati zatha zokha.

Bambo uja tidayamba naye sadafe. Ali moyo, akhala pa khonde, ndipo mkazi wake ampatsa piritsi m'mawa uliwonse osaphonya. Banja lonse tsopano lidziwa dzina la mankhwala, tsiku la ku chipatala ndi muyeso wa mchere. Zonsezi akadazidziwa chaka chimodzi m'mbuyomo, bwenzi lero ali kumunda. M'mudzi mwanu muli ena amene akali chiriri, buku liri m'thumba la jekete. Mutu umodzi susenza denga: pitani mukawaone lisanafike Lamulungu.

MAFUNSO OKAMBIRANA PA MPHAKATI

1. Chifukwa chiani munthu sangadziwe BP yake pongomvera m'thupi?

2. Mankhwala a BP asiyana bwanji ndi a malungo? Fotokozani fanizo la mpanda wa dimba m'mau anuanu.

3. Mwa zopinga zimene tawerenga, ndi ziti zimene zichuluka m'mudzi mwathu? Pali zina zimene sizidatchulidwe?

4. Tingamyankhe bwanji mwaulemu munthu wonena kuti kumwa mankhwala ndi kusowa chikhulupiriro?

5. Mkamwini kapena mtengwa wodwala BP angathandizidwe bwanji pa nkhani ya mchere popanda kuyambanitsa banja?

6. Kodi ife amene tiri pano tidapimitsa liti? Ndani mwa ife ayendere yani sabata lino?